Ndinaphunzira Besi Chifukwa cha Ukwati wa Tashauna

1

Mukafika m'tauni yathu ya May Pen n'kufunsa za Hopeton wokonza mafiriji, palibe amene angalephere kukulozerani. Ena adzakulozerani akuseka, ndipo amenewo ndikuwadziwa mmodzimmodzi. Ndiye ndati m'malo moti nkhani yanga muimve kubala, kwa anthu onunkha mowa wa ramu amene amaithira mchere wawowawo, bola muimve kwa ine mwini wake.

Kuyambira ndili mnyamata ndinkalakalaka besi gitala. Kudansi anzanga ankathamangira atsikana, ine ndinkakatsamira mulu wa masipika kuti mawu apansi aja azindigwedeza nthiti. Koma moyo unandigwiritsa sipanala. Ndinakwatira Vinnette, tinakhala ndi mwana mmodzi yekha, Tashauna, ndipo zaka zinatha ndili chogwada kuseri kwa mafiriji a eni.

Chaka chatha Tashauna anatiuza kuti akukwatiwa ndi mphunzitsi wina wa ku Mandeville. Lamlungu lina, titamaliza kudya mpunga wa nyemba, ananditsatira kushedi komwe ndimagwirira ntchito.

"Adadi, pa ukwati wanga ndikufuna mudzaimbe besi."

"Iwe, usandiseweretse. Ndi zala zokalambazi?"

"Mwakhala mukuilira besi chibadwire changa. Ukwati uli mu Disembala, nthawi ilipo. Mphunzitsi ndakupezerani kale."

Ndinalira, abale. Bambo wamkulu ndi imvi zanga, ndinalira pakati pa mafiriji akufa, n'kumati mwana ngati uyu anthu ena amangomulota.

Loweruka tinakwera basi ya ku Kingston. M'sitolo ya zoimbira wogulitsa anandikakamiza besi yofiira ya nsambo zisanu, yonyezimira ngati bokosi la maliro a munthu wolemera.

"Bwana, masiku ano aliyense akuimba ya zisanu."

"Zinayi zomwezi sindinazidziwe, yachisanuyo ndidzaimbe ndi chala cha kuphazi?"

Ndinasankha yakuda, yogwirapo kale ntchito, utoto utakanduka pomwe pamatsamira mkono. Inali yolemera moti phewa linadandaula pompo, koma khosi lake linakwana bwino m'dzanja langa, ndipo nditakhudza nsambo yaikuluyo ndinaimva m'mimba. Tinatenganso ka ampulifaya kakang'ono. Ulendo wonse wobwerera ndinaifungatira besiyo ngati khanda.

Kunyumba tinapeza Vinnette ali pakhonde akutongola nandolo. Poyamba anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ukalamba wakupeza ndi misala, Hopeton. Akuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Mas Ezroy, Amami," anayankha Tashauna. "Aja ankaimba m'sitima zapamadzi za alendo. Anabwerako, akukhala ku Denbigh."

Kuseka kunathera pomwepo. Vinnette anamuyang'ana mwana wake, kenako anatembenukira kwa ine.

"Thabwa limenelo m'nyumba mwanga sililowa. Ndipo ukadzaliimba pa ukwati wa mwana wanga, ine kumeneko sudzandiona."

Ndinati ndi nkhanza chabe za mkazi wosafuna kuona mwamuna wake akusangalala. Ndinalowa nayo m'nyumba mwadala, n'kuiimika pafupi ndi kabati yake ya mbale zimene sitidyera.

2

Ezroy anali wamtali, woonda, wamkulu pang'ono kwa ine, wa dzino lagolide ndi pakamwa ponyoza. Tsiku loyamba ndi moni womwe sanandipatse. Analanda besi yanga, kuitembenuza uku ndi uku ngati nsomba ya pamsika, n'kulowetsa kasiponji pansi pa nsambo kumunsi kwake.

"Kasiponjika usadzakachotse. Besi ya kuno silira ngati belu, imagunda. Nanga m'thumbamo muli chiyani?"

"Nsambo zatsopano, Mas Ezroy. Ndimati ndisinthe, zilipozi zada."

"Usinthe? Tamverani chitsiru ichi! Nsambo zimenezi zamwa thukuta la anthu zaka ndi zaka, mawu ali m'litsiro lomwelo. Zatsopanozo ukamangire mbuzi."

Loweruka lililonse masana ndinkakhala pakhonde pake, iye akunditukwana. Dzina langa sanalitchulepo, ankangoti Firiji. Ndikathamanga ankati, "Ukuthawa apolisi?" Ndikadzaza manoti ankamenya phazi pansi.

"Siya mpata, Firiji! Ukuimba ngati mayi wa miseche. Besi ndi mpatawo."

Zala zinatuluka matuza, matuza anaphulika, pamalopo khungu linakhuthala n'kuuma moti sikuru yaing'ono sindinkaimvanso m'manja. Sankalemba chilichonse munthu ameneyu. Lamulo lake linali limodzi: nyimbo uyambe waiimbira m'mphuno, ikakhazikika m'mphunomo ndiye itsikire ku zala. Ndinkachita kuimbira m'mphuno m'nyumba za anthu pokonza mafiriji, mpaka mayi wina anandifunsa ngati dzino likundiwawa.

Ndinkadana naye Ezroy, sindibisa. Koma akaigwira besi, chala chachikulu chokha chikukanda mwaulesi, anthu odutsa mumsewu ankachepetsa liwiro. Ine ndinkameza matukwano onse, chifukwa m'maso mwanga munali tsiku la mu Disembala, mwana wanga ali m'diresi loyera akundiona ndikuimba.

Kunyumba kunali nkhondo ina. Chingwe cha ampulifaya ndinachipeza tsiku lina chitamangidwa pakati pa mtengo wa akii ndi mpanda, atayanikapo makabudula anga amkati. Ampulifayayo ndinakaipeza m'khola la nkhuku, pamwamba pali zitosi. Ndikangoyamba kuyeserera, Vinnette ankatsegula wailesi ya ulaliki mpaka mawindo kunjenjemera.

"Vin, ndakulakwira chiyani?" ndinamufunsa tsiku lina. "Amuna anzanga akuthera ku ramu ndi ku masewera a domino, ena ali ndi ana m'makona onse a boma lino la Clarendon. Ine ndangofuna kuimba basi."

"Pita ku domino! Pita ukamwe, ya botolo loyamba ndikupatsa ndine. Koma kwa munthu ujayo usiye."

"Ukumudziwa?"

"May Pen yonse ikumudziwa. Ndi munthu wachabechabe."

Tashauna akabwera, awiriwo ankadzitsekera kuchipinda n'kumakangana monong'ona. Ndikagogoda, zii. Ine ndinkati ndi za diresi ndi za chiwerengero cha mbuzi zophera alendo.

3

Mu Okutobala Ezroy anati, "Zokopera kwa anthu zakwana. Loweruka likubwerali ubwere ndi kanyimbo kapansi kakokako. Tione ngati m'mutumo muli china kupatula madzi oundana."

Ndinavutika mlungu wonse. Kenako tsiku lina, ndili chogona pansi pa firiji ya m'butchala, ndinangodzimva ndikuimbira m'mphuno: dum, du-dum, dum, kaye pang'ono, du-dum. Kanali kanyimbo ka Vinnette. Ankakaimba potonthoza Tashauna ali khanda, potsuka mbale, posita. Kanalibe mawu, ndipo kanali kotsika kwambiri moti sikankamveka ngati ka mkazi. Pa wailesi kapena kutchalitchi sindinakamvepo. Kwa ine kanali ka m'nyumba mwathu basi, ngati fungo la sopo amene timachapira.

Loweruka ndinakaimba pakhonde pa Ezroy. Iye anali akuyatsa fodya, ndipo machesi anamuthera m'zala mpaka kumuotcha.

"Bwereza."

Ndinabwereza.

"Wakatenga kuti?"

"Mkazi wanga amakaimba."

"Mpaka pano?"

"Mpaka pomwe ndinagula besi. Masiku ano amangotukwana."

Anaseka kuseka koipa, dzino lagolide lili poyera.

"Firiji, munthu wamba amaimba nyimbo yapamwamba, ya mawu ija. Ukamva munthu akuimba yapansi, udziwe kuti anakhalapo pafupi kwambiri ndi besi."

Ine ndi uchitsiru wanga ndinati, "Eya, si amakhala ndi ine."

Anatsamwa ndi utsi. Atakhosomola mokwanira anati, "Imeneyi ndi imene udzaimbe mkwatibwi akamadzalowa. Bandi ya kutchalitchi ndiiphunzitsa ndine. Pa besi udzakhala wekha, ine sindidzaikhudza n'komwe."

Ndinabwerera kunyumba mutu utakula ngati dzungu. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Nditangofika ndinalumikiza besi n'kuyamba kanyimbo kaja pabalaza. Vinnette anatuluka kukhitchini manja ali ufa wokhawokha, n'kuzula chingwe pakhoma mwamphamvu mpaka soketi inalendewera.

"Wamuimbira zimenezi munthu uja?"

"Ndamuimbira, ndipo wazikonda. Ndidzaimba zomwezi Tashauna akamalowa."

"Akamalowa? Hopeton, m'mutu mwakomo munalowa gasi wa firiji? Iwe utakoleka thabwa kutsogolo uko, mwana adzalowa atagwira mkono wa ndani?"

Kunena zoona, funso limeneli linali lisanandifikepo. Miyezi yonseyi ndinkangoganiza za zala zanga. Ndinamuimbira foni Tashauna nthawi yomweyo.

"Adadi, zoperekezana n'zachikale," anatero. "Masiku ano mkwatibwi amalowa yekha. Inu mudzandilandire ndi nyimbo."

Ndinamuyang'ana Vinnette monyada. "Wamva?"

Anangobwerera ku ufa wake.

4

Lachinayi la mlungu wa ukwati, masana, tinakumana kutchalitchi kuti tiyeserere. Kunali abusa, aperekezi, achibale a mkwati, woimba ng'oma ndi mayi wa kiyibodi. Vinnette, ngakhale analumbira, anabwera. Anakhala pa benchi ya kumbuyo, chikwama chili pamiyendo ngati wabwera kukhoti.

Abusa anakweza dzanja, ng'oma inalowa, ine ndinalowa. Zinakoma, abale! Zala zinkangodziyendera zokha, ndipo ndinatsinzina ndi chisangalalo. Nditatsegula maso, mwana wanga anali m'kanjira ka pakati pa mabenchi, akubwera pang'onopang'ono, atakolowekana mkono ndi Ezroy.

Ndinaphonya noti.

"Osaima, Firiji!" anakuwa Ezroy.

Ndinaima.

"Tashauna, ichi n'chiyani? Suja unati ulowa wekha?"

"Adadi, tikakambirana kunyumba."

"Tikambirana pompano."

Asanayankhe, Vinnette anali atafika kale. Chikwama chija chinatera kumaso kwa Ezroy, phwa!

"Galu iwe! Unandisiya ndi mimba n'kukwera sitima ndi gitala yako, osatumiza ngakhale thewera limodzi. Lero wabwera kudzavalira suti mwana amene walera mnzako?"

M'tchalitchi monse ampulifaya yanga yokha ndi imene inkalira chapansipansi.

Ezroy anadzipukuta pakamwa mosatekeseka. "Magazi sanama, Vinnette. Tinakayezetsa, mwanayu ndi wanga. Ndipo kanyimbo kaja ndinapekera iwe, wayiwala? Sindinakajambulepo, sindinaimbirepo munthu wina. Zaka zonsezi wakhala ukuimbira mwana wanga nyimbo ya bambo ake m'nyumba ya Firiji."

Ndinakumbuka mmene Vinnette anafulumizira ukwati wathu, ndi mmene anandiuzira kuti mwana wabadwa masiku asanakwane, chikhalirecho khandalo linali lonenepa kuposa onse m'wodimo. Kuno mwana wopachikidwa pa bambo wosakhala wake timamutcha jekete. Ine jekete ndinaivala moyo wonse wa Tashauna, n'kumayenda nayo m'tauni monyada.

Koma za Vinnette sizinandilase ngati zimene zinatsatira. Ndinatembenukira kwa mwana.

"Iwe unadziwa liti?"

"Chaka chatha, Adadi. Anandipeza kuntchito."

"Usanabwere kushedi kudzandiuza za besi?"

Anawerama.

"Ndiye besiyi inali yondichotsera pakhomo la tchalitchi. Unandikweza basi mpaka ku Kingston, ukundiona ndikusangalala ngati mwana, uku ukudziwa."

"Ndimafuna nonse mukhale ndi mbali yanu. Inu mumakonda besi, ndimati mudzasangalala. Iwowa anapempha chinthu chimodzi chokha. Inu mwakhala nane moyo wanga wonse, iwo ndi kanjira aka kokha."

"Kanjira aka kokha? Mphepo yamkuntho itakokolola msewu, anakunyamula paphewa mpaka kuchipatala ndani, iwe ukubanika ndi mphumu? Anaphunzira kuluka tsitsi ndani amayi ako ali kukagwira ntchito kuzilumba za Cayman? Kanjira kameneka n'komwe ndakhala ndikudikira!"

Ndinafuna kumuswa mutu Ezroy ndi besi yomweyo, Mulungu ndi mboni. Koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Anali ataima kuseri kwa mwana wanga, dzanja lili paphewa pake. Ndinavula lamba wa besi, kuigoneka pansi, n'kutuluka.

5

Ndinasamukira kushedi. Lachisanu m'mawa Vinnette anabwera ndi tiyi pakhomo.

"Ndinayesetsa kukuletsa, Hopeton."

"Unayesetsa kubisa. Ukanandiuza ndi pakamwa, osati ndi khola la nkhuku."

"Ndinkaopa."

"Uziopabe," ndinatero, n'kutseka chitseko.

Tsiku lonse ndinadikira kuti mwina Tashauna abwera. Sanabwere. Anangotumiza uthenga pa foni wofunsa ngati ndidzaimbebe, poti bandi inalibe wina. Pamenepo mtima wanga unauma, ndipo ndinayankha liwu limodzi: ndidzabwera.

Loweruka ndinavala suti n'kufika msanga kutchalitchi. Ndinachuna besi bwinobwino, kuilumikiza, kuyatsa ampulifaya, n'kuitsamiritsa pafupi ndi ng'oma. Anthu ankanong'onezana kuti Hopeton wagonja. Ezroy anali mu suti yoyera, duwa lili pachifuwa, ndipo anandigwedezera mutu ngati bwana kwa wantchito wake.

Galimoto ya mkwatibwi itafika, ndinachoka pa bandi. Ndinadutsa kanjira konse maso a anthu ali pa ine, mpaka pakhomo. Ezroy anali atagwira kale mkono wamanja wa Tashauna. Ine ndinagwira wamanzere.

"Firiji, bwerera pamalo ako."

"Malo anga ndi ano."

"Nanga nyimbo?"

"Ilowe yopanda besi."

"Adadi, chonde, musandichititse manyazi," ananong'ona Tashauna.

"Manyazi tinawamaliza Lachinayi, mwana wanga. Tiye."

Abusa, poopa ndewu pakhomo la tchalitchi, anakweza dzanja. Ng'oma inayamba, kiyibodi inatsatira. Koma nyimbo ija Ezroy anaimanga yonse pamwamba pa besi. Popanda besi inangokhala ngati zitini zikugundana. Woimba ng'oma anasochera, mayi wa kiyibodi anayamba kuthamanga, anthu n'kumayang'anana.

Miyezi yonse ija ine ndinaphunzira zinthu ziwiri, besi ndi Ezroy. Ndinkadziwa kuti munthu ameneyu angapirire njala, angapirire chikwama cha kumaso, koma osati kumva nyimbo yake ikuphedwa besi ili poteropo, yochuna kale, yolumikiza kale. Tinayamba kuyenda atatu mopanikizana m'kanjira kopapatiza. Ndinamumva akutukwana chapansipansi. Zala zake zinayamba kukanda mkono wa mwana ngati ndi nsambo.

"Akuipha," anatero. "Agalu awa akuipha."

Tisanafike ndi pakati pomwe, anausiya mkono wa Tashauna. Anathamanga, kuthamanga ndithu, suti yoyera ili pepepe, n'kukoleka besi yanga. Atangoikhudza nyimbo inadzuka. Mabenchi ananjenjemera, azimayi ena mpaka kufuula aleluya. Besi yanga sindinaimvepo ikulira chotero, ndipo m'manja mwanga sidzalira chotero.

Tashauna anaima. Anayang'ana mkono wake wopanda kanthu, kenako anayang'ana munthu uja, atatsinzina, akumwetulira yekha, osadziwa n'komwe kuti mkwatibwi waima.

"Amayi akonso munthu ameneyu anawasiya chonchi," ndinatero, ndipo sindinanong'one.

Ndinamufikitsa ku guwa ndekha. Abusa atafunsa kuti akupereka mkaziyu ndani, ndinayankha mokweza kuti ndi a kubenchi ya kumbuyo omwe amve: "Ine, bambo ake."

6

Ezroy anaimba ndi bandi phwando lonse mpaka nyama ya mbuzi inatha, ndipo Januwale asanathe anali atapeza ntchito m'bandi ya hotela ku Ocho Rios. Besi yanga ndinakaitenga. Ndimaimbabe Lamlungu, koma kutchalitchi china, ku Hayes, komwe sandidziwa bwino. Ine ndi Vinnette tikukhala nyumba imodzi, timalankhulana za magetsi ndi za gasi wophikira.

Inu amene mukuwerenga, makamaka inu mwakalamba ndi chinthu chimene munkachilakalaka osachipeza, chenjerani nacho. Mlendo sakanandikola ndi besi ine. Amene amadziwa pokugwirani ndi wa m'nyumba mwanu, amene wakhala akukumvani mukulira. Wina akakupatsani mpando waulemu, muyambe mwacheuka kuona mpando umene akukuchotsanipo.

Kubala ena amati ndinapambana, mpaka amafuna kundigulira ramu. Kupambana kwake kuti? Mkono umene ndinaugwira tsiku lija unali wouma ngati chikuni, ndipo misozi imene inkagwa kuseri kwa kansalu ka kumaso sinkalirira ine. Tashauna amandiimbira foni, amanditchabe Adadi, amandifunsa za shuga wanga ndi za ntchito. Za Lachinayi lija sanazitchulepo. Ine ndimayankha bwinobwino, mtima ukuwira, ndikudikira liwu limodzi lokha lakuti pepani. Mkwiyo ndili nawo, sunathe, ndipo sindikudziwa ngati udzatha. Koma foni ikalira, ndimasiya sipanala n'kuithamangirabe ngati chitsiru.